Mwana, chidole ndi mtengo wake: zimene nkhani zazifupi zimaona pa ubwana ndi ndalama

Mukamufunsa munthu amene wangomaliza kuwerenga nkhani yaifupi ya mwana ndi chidole chodula kuti nde watolapo chani, yankho lake limakhala lodziwikiratu: ndalama zimaononga ana, mwana amabadwa ndi mtima woyera, akuluakulu ndi amene amamuphunzitsa dyera, basi. Yankho limeneli si labodza kwenikweni koma ndi laulesi, ndipo nkhani zabwino zenizeni za mutu umenewu sizinena zimenezo ayi. Zimene zimachita ndi kutenga tsiku limodzi, mwina ola limodzi lokha, limene mwana wazindikira kuti zinthu zili ndi mtengo, ndiponso kuti mtengowo suthera pa chinthucho, umafika mpaka pa iyeyo, pa mayi ake, pa nyumba imene amagona ndi pa anzake amene amaloledwa kusewera nawo.

Tiyambire patali pang'ono. Maganizo oti mwana ndi cholengedwa choyera chofunika kutetezedwa ku dziko la akuluakulu anakula kwambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700. Jean-Jacques Rousseau anatulutsa buku lake Emile mu 1762, mfundo yake inali yoti munthu amabadwa wabwino, chimamupotoza ndi dziko limene wabadwiramo. William Blake anatulutsa ndakatulo zake za Songs of Innocence mu 1789. Koma nthawi yomweyo ana enieni ku Britain anali pa ntchito m'mafakitale ndi m'migodi, ndipo lamulo loletsa ana osakwana zaka 9 kugwira ntchito m'mafakitale ambiri a nsalu linadzabwera mu 1833. Nde mukuona, mwana woyera uja wa m'mabuku anali mwana wa banja limene linkakwanitsa kumusunga pakhomo osamutumiza kukasaka ndalama. Kenako kunabwera mashopu akuluakulu okhala ndi magalasi kutsogolo, zidole zopangidwa mufakitale, Khirisimasi ya mphatso. Bizinesi ya zidole ya FAO Schwarz ku America, imene tiikumane nayo kutsogoloku, inayamba mu 1862. Mwana wosalakwa ndi mwana kasitomala anakulira nyumba imodzi, ndipo olemba nkhani anazindikira msanga kuti pamene awiriwa akumana pali nkhani.

Nanga bwanji nkhani yaifupi osati buku lalikulu? Chifukwa nkhani yaifupi ilibe malo oti ifotokoze chuma cha dziko lonse, imangofuna chinthu chimodzi chogwirika ndi manja ndi munthu mmodzi amene akuchiyang'ana. Kanyumba ka zidole, hatchi ya matabwa, kabwato ka pa shelefu, nsapato. Ndipo mwana ndi woonerera wabwino kuposa wamkulu chifukwa iye amaona zonse koma samvetsa zonse, nde owerenga ndi amene amadzaza mpatawo. Mwana akunena kuti mayi akwiya lero, inu mukudziwa kuti ndi ngongole. Ululu wa nkhani zimenezi umakhala mu mpata umenewo, pakati pa zimene mwana akunena ndi zimene inu mukumva.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi The Doll's House ya Katherine Mansfield, mayi wa ku New Zealand amene anabadwira ku Wellington mu 1888 n'kumwalira mu 1923, nkhaniyo inatuluka mu 1922. Ana atatu a banja la Burnell, Isabel, Lottie ndi Kezia, alandira mphatso ya kanyumba ka zidole kuchokera kwa mlendo wina amene anakhala kwawo. Kanyumbako n'kokongola koopsa, kali ndi zipinda, makapeti, timipando, mpakana chitofu, koma kakununkha penti nde akaika panja pa bwalo. Isabel, poti ndiye wamkulu, akutenga udindo wofotokozera anzawo kusukulu ndi kusankha oti abwere kudzaona, awiriawiri. Apa chidole chasanduka kale ndalama, Isabel akugulira nacho anzake, atsikana akumukumbatira ndi kumusekerera kuti awasankhe. Palibe amene anamuphunzitsa ndi mawu, wangoonera mmene akuluakulu amachitira.

Sukuluyo ndi imodzi yokha m'dera lonselo nde ana a jaji, a dokotala, a wa sitolo ndi a wogulitsa mkaka onse akuphunzira pamodzi, makolo olemera sakondwa nazo koma alibe pothawira. Malire awaika pa ana awiri a Kelvey, Lil ndi Else. Mayi awo amachapa zovala m'makomo mwa anthu, bambo awo anthu amangoti ali kundende. Diresi ya Lil inasokedwa ndi nsalu ya patebulo yakale ya a Burnell omwewo, manja ake ndi makatani a banja lina. Tangoganizani, mwana akuyenda atavala zotsala za m'nyumba za anzake a m'kalasi ndipo aliyense akuzizindikira. Ana onse aona kanyumba kaja kupatula awiriwa.

Tsopano Kezia, wamng'ono uja, chimene chamugwira mtima m'kanyumba monsemo si makapeti kapena mipando, ndi kanyale kakang'ono ka patebulo kooneka ngati kali ndi mafuta, kongodikira kuyatsidwa. Isabel pofotokoza amakaiwala. Kezia akupempha mayi ake kuti aitane ana a Kelvey kamodzi kokha, mayi akukana, iye akufunsa chifukwa chake, akumuuza kuti ukudziwa bwino chifukwa chake. Koma sakudziwa, ndipo kusadziwa kumeneko ndi kumene timakutcha kusalakwa. Tsiku lina akuwaona akudutsa mumsewu n'kuwatsegulira geti. Asanaone n'komwe bwinobwino atulukira azakhali, Aunt Beryl, n'kuwapirikitsa ngati nkhuku. Ndipo Mansfield apa anachita chinthu cha nzeru chimene ambiri amachidumpha: akutiuza kuti azakhaliwo tsiku limenelo anali atalandira kalata yoopseza kuchokera kwa mwamuna wina, ndipo atakalipira anawo mtima wawo unapepuka. Nkhanza ija sinali ya kuteteza ulemu wa banja ayi, anali munthu wamkulu amene wapanikizika kwina akupumira pa ana amene sangamubweze. Ana a Kelvey atakhala pambali pa msewu, Else amene salankhula kawirikawiri akuuza mkulu wake kuti iye wakaona kanyale kaja.

Anthu amati nkhaniyi ikuonetsa kuti ana onse ndi abwino. Ine sindikuvomereza, werengani bwino. Ana ambiri mu nkhaniyi ndi ankhanza kuposa makolo awo, pali wina dzina lake Lena amene akupita kukamufunsa Lil pamaso pa onse ngati ndi zoona kuti akadzakula adzakhala wantchito, kenako n'kumukuwira za bambo ake a kundende, ndipo anzake akusangalala mpaka kudumphadumpha. Osalakwa ndi awiri okha, Kezia ndi Else, wina pamwamba wina pansi, ndipo chowagwirizanitsa ndi choti onse anayang'ana chinthu osaganiza kuti chiwapindulira chani. Komanso kusalakwa kwa Kezia n'kotchipa kwa iye, akalipiridwa kenako akadya chakudya chamadzulo n'kukagona pabedi pake. Amene achita manyazi mumsewu ndi ena.

D. H. Lawrence anaitenga nkhani yomweyi mbali ina yoopsa mu The Rocking-Horse Winner ya mu 1926. Kuno kulibe umphawi, banja la Paul lili ndi nyumba yabwino, antchito, zidole zodula, koma limakhala moyo woposa ndalama zimene limapeza, nde m'nyumbamo mumamveka kunong'ona kosatha koti pakufunika ndalama zina. Palibe amene amanena mokweza koma ana onse amakumva, olo zidole zimaoneka ngati zikukumva. Aliyense amene anakulira m'nyumba ya ngongole akudziwa kuti apa Lawrence sanapeke, makolo amaganiza kuti abisa koma ana amamva pa kakhalidwe ka phee ka m'nyumba. Paul akufunsa mayi ake, Hester, chifukwa chimene alibe galimoto yawoyawo, mayi akuti bambo ako alibe mwayi, ndipo mwayi ndi umene umapangitsa munthu kukhala ndi ndalama. Mwana akuwerengera mwaubwana: mayi sakondwa chifukwa palibe ndalama, ndalama zimabwera ndi mwayi, nde ndikapeza mwayi mayi andikonda. Lawrence watiuza kale pa chiyambi kuti mayiyu mkati mwa mtima wake sankatha kuwakonda ana ake ndipo anawo ankadziwa.

Paul akakwera hatchi yake ya matabwa n'kuigwedeza mwamisala amafika podziwa dzina la hatchi imene ipambane pa mpikisano weniweni. Akubetcha mothandizidwa ndi Bassett, wa m'munda wa maluwa, kenako amalume ake Oscar akulowa nawo. Taonani akuluakulu awiriwa, palibe amene akufunsa kuti mwanayu ali bwino kodi, onse akuikapo ndalama zawo. Paul akutumiza mapaundi 5,000 kwa mayi ake kudzera kwa loya mwachinsinsi, kuti azilandira 1,000 pa tsiku lawo lobadwa kwa zaka zisanu. Mayi akupita kwa loya kukapempha zonse nthawi imodzi. Zapita ku mipando yatsopano, maluwa, mphunzitsi wapadera, ndipo kunong'ona kuja mmalo mosiya kukusanduka kukuwa. Pamapeto Paul akutchula hatchi yotchedwa Malabar pa mpikisano wa Derby, akugwa ndi kudwala, ndalama zonse pamodzi zikupitirira mapaundi 80,000, iye n'kumwalira. Amalume aja akuwerengera mlongo wawo ngati buku la shopu, kuti wapindula zikwi zakutizakuti ndipo waluza mwana mmodzi.

Chofunika kuona apa ndi choti Paul sakonda ndalama. Palibe chimene akudzigulira, olo suwiti. Iye akufuna mayi ake, ndipo chilankhulo chokhacho chimene wamva kuti mayi amachimva ndi cha ndalama. Nde mukati kukonda chuma kwamupha mwana, muzinenanso kuti kukonda chuma kwa ndani.

Araby ya James Joyce, ya mu buku la Dubliners la 1914, ndingoidutsa mwachangu poti imakokera kwambiri ku chikondi choyamba. Mnyamata wa ku Dublin walonjeza mtsikana wa pafupi ndi kwawo kuti akamugulira kanthu ku msika wapadera wotchedwa Araby, amalume ake aiwala n'kubwera mochedwa, ampatsa kandalama, wafika msika ukutsekedwa, pakhomo walipira gawo lalikulu la zimene anali nazo, mkati wapeza anthu akuwerenga ndalama ndipo mtsikana wogulitsa akumufunsa mosafuna n'komwe ngati akugula. Malo amene m'mutu mwake anali ngati kachisi ndi malonda wamba, ndipo mkwiyo wake pamapeto ukupita kwa iye mwini.

Nkhani imene imandisokoneza ndi kundisangalatsa nthawi imodzi ndi The Lesson ya Toni Cade Bambara, ya mu buku lake Gorilla, My Love la 1972. Wofotokoza ndi Sylvia, mtsikana wachikuda wa ku New York, wamwano, wanzeru, wosafuna kuuzidwa zochita. M'dera mwawo muli Miss Moore, mayi wophunzira mpaka ku koleji amene wadzipatsa ntchito yophunzitsa ana a anthu nthawi ya holide, ndipo anawo amadana naye. Tsiku lina wawakweza matakisi kupita nawo ku Fifth Avenue, ku shopu ya zidole ya FAO Schwarz ija. Akuyamba kuwerenga mitengo pa galasi: makina oonera tizilombo madola 300, kachinthu kongopsinjira mapepala pa desiki madola 480, kabwato koseweretsa madola 1,195. Funso loyamba la mnzake Sugar ndi loti kodi tingabe? Awa si angelo ayi. Sylvia yemweyo wapatsidwa madola asanu kuti alipire takisi, walipira ndalama yochepa imene mita inaonetsa, dalaivala sanamupatse kenakake ka pamwamba, chenji waika m'thumba.

Koma atafika pa chitseko cha shopu Sylvia akuima. Mtsikana amene saopa munthu akumva manyazi ndipo sakudziwa kuti manyaziwo akuchokera kuti, nde akukwiya. Kwa ine apa ndi pamene pali mtima wa nkhani zonsezi. Dzulo sankadziona ngati wosauka, anali Sylvia basi, mfumu ya mumsewu mwawo. Zili ngati mwana wa kwathu kuno amene wapinda galimoto yake ya mawaya, ya siteringi yaitali, akuiyendetsa monyada mudzi wonse, mpaka tsiku limene waona ya batire pa shelefu mu tauni ndi kapepala ka mtengo, galimoto yake sinasinthe kanthu koma iye wayamba kuiona ndi maso a anthu ena. Pobwerera Sylvia akuganiza za chidole china cha madola 35 ndi kuwerengera zimene ndalama imeneyo ingachite kwawo, mabedi a ana, ulendo wa banja lonse kukaona agogo kumudzi, lendi. Akudzifunsa kuti anthu amenewa ndi ndani ndipo amagwira ntchito yanji imene ife sitikuidziwa. Sugar ndi amene akuyankha Miss Moore poyera kuti onsewo pamodzi sadya pa chaka ndalama ya kabwato kaja ndipo kuti dziko lotere demokalase yake ndi yokayikitsa, Sylvia akumuponda phazi kuti asiye, chifukwa kuvomereza kuti waphunzira kanthu ndi kugonja kwa Miss Moore. Pamapeto akumusiya Sugar kuti azithamanga yekha, iye akupita kwina kukaganiza, akudziuza kuti palibe amene adzamupose pa chilichonse.

Nde funso ndi loti, Miss Moore wachita bwino kapena waononga ana? Nkhani za Mansfield ndi Lawrence zimatipangitsa kulira kuti kusalakwa kwatayika. Bambara akuti dikirani kaye, kwa mwana wosauka kusadziwa mmene chuma chagawidwira si chitetezo, ndi chimene chimapangitsa kuti zinthu zikhale mmene zililimu. Miss Moore akuwachotsa kusalakwa dala, ngati katemera, kowawa lero kuti mawa asadzadabwe. Komabe Bambara satitsimikizira kuti zatheka. Mawu omaliza a Sylvia mutha kuwamva ngati a munthu amene adzamenyera chilungamo, muthanso kuwamva ngati a munthu amene waganiza zodzakhala mmodzi wa ogula mabwato aja. Ndipo pagulupo pali Mercedes, amene kwawo kuli bwinoko pang'ono, iye phunziro lake ndi loti adzabweranso akadzalandira ndalama za tsiku lobadwa. Ulendo umodzi, ana atuluka ndi mitu yosiyana.

Pali njira yaulesi yolembera mutu umenewu ndipo ndi yakale. Mutenge mwana wosauka, mumuyeretse mpaka asakhale ndi cholakwa chilichonse, mumuike panja pa windo la olemera, kenako mumuphe. The Little Match Girl ya Hans Christian Andersen ya mu 1845 ndiye gogo wa nkhani zoterezi, kamtsikana kogulitsa machesi kakuzizidwa mumsewu usiku wotsiriza wa chaka, kakuona chakudya ndi moto m'malawi a machesi, m'mawa kapezeka katafa ndipo nkhani ikutitonthoza kuti kapita kumwamba ndi agogo ake. Ndi yokhudza, sindikana, koma imamulola wowerenga kulira n'kudzimva kuti ndi munthu wabwino popanda kufunsidwa kalikonse. Mwana wake alibe mkwiyo, alibe nsanje, sakuba, sakutukwana, nde si mwana weniweni, ndi chida chokamira misozi. Ambiri amene akuyamba kulemba amagwera mmenemu, mwana wamasiye wangwiro ndi mayi womupeza woipa mbali zonse. Mukafuna kudziwa ngati nkhani yotere ili ndi moyo fufuzani ngati mwanayo akufuna chinthucho moona, mpaka kuchita nacho manyazi kapena kuchita choipa kuti achipeze.

Pafupi ndi kwathu kuno, NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe anapambana Caine Prize, mphotho ya olemba nkhani zazifupi a ku Africa, mu 2011 ndi nkhani ya Hitting Budapest, imene kenako inakhala mutu woyamba wa buku lake We Need New Names la 2013. Darling ndi anzake, Bastard, Chipo, Godknows, Sbho ndi Stina, amakhala m'zisakasa pamalo otchedwa Paradise ndipo amapita ku dera la olemera lotchedwa Budapest kukaba magwafa chifukwa cha njala. Chipo ndi mwana koma ali ndi mimba, ndipo anzakewo amaikamba ngati nkhani wamba, chodandaula chawo ndi choti sathamanganso ngati kale. Pobwerera apeza mayi atadzimangirira mu mtengo, achita mantha, athawa, kenako Bastard akuwakumbutsa kuti nsapato za mayiyo zikuoneka zatsopano, zitagulitsidwa zigula buledi. Abwerera akuseka.

Apa mawu oti kusalakwa ndi oti kukonda chuma onse akuvuta kuwagwiritsa ntchito. Kodi mwana wanjala amene waona buledi mu nsapato za maliro ndi wokonda chuma? Paul anali ndi zonse ndipo anafa posaka zina, awa alibe kanthu ndipo kuwerengera mtengo wa chinthu chilichonse ndi kumene kukuwasunga moyo. Komanso ubwana sunathe mwa iwo, amakangana zachibwana, amalota zodzakhala m'nyumba za ku Budapest ndi zopita ku America, amaseka. Chimene chasowa ndi munthu wamkulu woima pakati pa iwo ndi dziko, ndipo ntchito imeneyo imafuna ndalama, nthawi ndi mtendere, zinthu zimene makolo a ku Paradise analandidwa.

Pamene bukuli linatuluka mu 2013 Helon Habila wa ku Nigeria, amenenso anapambanapo Caine Prize yomweyo, analemba mu nyuzipepala ya The Guardian kufunsa ngati olemba a ku Africa sakungodzaza nkhani zawo ndi mavuto amene owerenga a kunja amayembekezera, njala, matenda, ana ovutika, zonse mu buku limodzi. Funso lake ndi lolemera chifukwa mphothoyo nthawi imeneyo inali ya mapaundi 10,000 ndipo imachokera ku Britain, kutanthauza kuti nkhani ya mwana wosauka nayonso ili ndi mtengo wake pa msika, pali ogula ndipo ogulawo ali ndi zimene amakonda. Ine ndimaona kuti Habila anali ndi mfundo pa nkhani zambiri za mtundu umenewu koma pa iyiyi Bulawayo anali ataliona kale vutolo n'kuliika mkati mwa nkhani momwemo. Ku Budapest kuja anawo akumana ndi mayi wina wochokera ku London, akudya chinthu chimene iwo sakuchidziwa dzina, maso onse ali pa chakudyacho, iye n'kuchitaya iwo akuona kenako n'kupempha kuti awajambule chithunzi. Mayiyo si woipa, akumwetulira, akuwafunsa mafunso mokoma, akuganiza kuti akucheza ndi tiana tosalakwa. Anawo aima kuti ajambulidwe, kenako atapita patali pang'ono atembenuka n'kuyamba kumukuwira ndi kumutukwana. Wowerenga amene wagula bukulo ku London kapena ku Johannesburg akafika pamenepa amayenera kudzifunsa kuti pa anthu awiriwa iye waima mbali iti, ndipo nthawi zambiri ndi mbali ya kamera.